Mutu 14: Zenera la padenga m'dera la mvula

Mwezi wa Disembala ukafika, msewu wa M5 pa Chintheche umasintha maonekedwe. Ana a kuno amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town amabwera kudzadyera Khirisimasi kwawo, ena pa basi, ena pa galimoto za manambala a ku Joni. Kutchena kwa Atonga si kwa dzana. Agogo awo ankabwera kuchokera ku migodi atanyamula masuti, zipewa ndi magalamafoni. Zidzukulu zikubwera ndi galimoto yotseguka denga. Imaima pa golosale, mwiniwake adina kabatani, galasi la pamwamba n'kutsetsereka lokha chakumbuyo. Anyamata a kabaza amaiwala makasitomala, maso ali pamenepo. Sipatha masiku awiri, wina wa Sienta kapena Corolla amakhala atafika kale kwa makaniko: "Ada, kodi yangayi simungaiboole nayonso?"

Kuboola n'kotheka. Koma funsolo likamafunsidwa kuno pa Bandawe, yankho lake silingafanane ndi la ku Germany kumene luso limeneli linakulira.

Chipangizochi dzina lake ndi sunroof, ndipo amakaniko athu amachitchula choncho basi. Anthu a ku Ulaya anachikonda chifukwa kwawo dzuwa ndi mlendo, likatuluka aliyense amafuna limuwombe. Kampani ya Webasto, imene Wilhelm Baier anaiyambitsa mu 1901 n'kuisamutsira ku Stockdorf pafupi ndi Munich, inayamba kupanga madenga opindika a nsalu m'zaka za m'ma 1930, ndipo mpaka lero ndi imodzi mwa makampani akuluakulu pa ntchitoyi. Ku America nkhaniyi anaikuza ndi Heinz Prechter, Mjeremani amene anatsegula American Sunroof Company mu 1965. Dzina lina lija la moonroof, limene mumaliona mukamasankha galimoto za ku Japan pa intaneti, linatchuka mu 1973 pamene Ford inaika denga la galasi pa Lincoln Continental Mark IV. Masiku ano mayina awiriwa anthu amangowasakaniza.

Ife kuno dzuwa sitichita kulisaka. Mu Okutobala munthu amalithawa. Chimene tili nacho chochuluka kuposa anzathu ndi mvula. Boma la Nkhata Bay limalandira mvula yoposa mamilimita 1,500 pachaka, pafupifupi kuwirikiza kawiri ya ku Lilongwe, ndipo pamene kwina ikukata mu Malichi, kuno m'pamene imalimbika mpaka Epulo. Chinyontho ndi kutentha kwa m'mbali mwa nyanja muno, pamodzi ndi malungo amene amayenda nazo, n'zimene zinachititsa Dr Robert Laws, amene anasamutsira mishoni ya Livingstonia pa Bandawe mu 1881, kuti aisamutsenso mu 1894 kupita kumtunda ku Khondowe. Manda a amishoni anatsala kuno. Choncho woboola denga la galimoto pa Bandawe aiwale kaye za dzuwa, aganize za madzi.

Si chivundikiro, ndi ngalande

Pali chinthu chimodzi chimene eni galimoto ambiri sadziwa, ndipo n'chimene chimawadyera ndalama. Sunroof imene galimoto imabwera nayo kuchokera kufakitale siinapangidwe kuti itseke madzi ngati chivundikiro cha botolo. Labala wozungulira galasi amatchinga madzi ambiri, koma ena amadutsa ndithu, ndipo opanga amadziwa. Pansi pa galasilo pali thireyi yokhala ndi kangalande mbali zonse. M'makona anayi a thireyiyo muli timabowo, ndipo pa bowo lililonse pamachoka kapaipi konenepa ngati chala chaching'ono. Tiwiri timatsika m'kati mwa nsanamira zakutsogolo, zija zogwira galasi la dalaivala, tiwiri timatsika m'nsanamira zakumbuyo, n'kukatayira madzi pansi pa galimoto.

Tiyeni tiwerengere. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imapanga lita imodzi. Galasi la masentimita 80 ndi 45 likakhala panja usiku wa mvula ya mamilimita 50, pamagwa malita 18, ndowa yosadzaza pang'ono, osawerengera madzi oyenderera kuchokera mbali zina za denga. Kagawo kochepa chabe ka madzi amenewa kakalowa m'thireyi n'kupeza mapaipi atatseka, kulibe kwina kopita koma pa siling'i, pa mipando ndi pa kapeti.

Msuweni wanga wina anabwera ndi galimoto yotere kuchokera ku Joni n'kumaiimika pansi pa mtengo wa mango pakhomo, poti mpomwe pali mthunzi. Mvula itayamba anadabwa kuona kuti poponda mapazi mbali ya dalaivala pali thamanda. Anapita nayo ku galaja ina, anamuuza kuti vuto ndi galasi lakutsogolo, analimata. Madzi osasiya. Anabwereranso, ulendo uno anamata sunroof yonse ndi silikoni kuzungulira, moti siinatsegukenso. Madzi anachepa koma fungo la chinyontho cha m'kapeti linatsala, ndipo mawindo anayamba kutseguka ndi kutseka mwa kufuna kwawo, chifukwa mawaya ambiri a galimoto amadutsa pansi pa kapeti pomwepo. Amene anapeza vuto ndi mkulu wina wa zamagetsi a galimoto. Anachotsa silikoni ndi mpeni, anathira kapu ya madzi m'kangalande, anagwada n'kusuzumira kumbuyo kwa tayala lakutsogolo. Panalibe dontho. "Achimwene," anatero, "galasi lanu lilibe mlandu. Mapaipi adya maluwa a mango ndi nkhungu za m'nyanja."

Amene anakhalako kunyanja amazidziwa nkhunguzi, tizilombo tija timatuluka m'madzi ngati utsi wakuda, anthu n'kumatigwira m'madengu kuti tikhale ndiwo. Mphepo ikatikankhira kumtunda timalowa paliponse. Tikasakanizika ndi mchenga wobwera ndi mwera ndiponso fumbi, timapanga phala limene limatseka kapaipi ngati simenti. Buku la galimoto lolembedwa ku Nagoya silinena za nkhungu.

Ntchito yoyamba: kusintha yowonongeka

Mawu oti kuika sunroof amatanthauza ntchito ziwiri zosiyana kwambiri. Yoyamba ndi ya galimoto imene inabadwa nayo, monga Harrier, Prado, X-Trail kapena Noah zina zimene zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Pamenepa bowo lilipo kale, denga analilimbitsa kale kufakitale, mawaya ndi mapaipi ali m'malo. Chimene chimafa ndi mota, kapena zingwe zake, kapena timapulasitiki toyendetsa galasi m'njanji. Mota imazunguza kagiya kakang'ono, kagiyako kamakankha zingwe ziwiri zachitsulo zokhala ngati sipuling'i, chingwe chilichonse n'kumakoka mbali yake ya galasi. Chimodzi chikalumpha mano, galasi limayenda chopendekera n'kukakamira. Pofika apo, nthawi zambiri chapafupi ndi kugula chipangizo chonse chochotsedwa pa galimoto ina ya mtundu womwewo n'kusintha.

Choyamba ndi kuchotsa waya wa negetivi pa batire n'kudikira. Mabuku a Toyota amati masekondi osachepera 90. Chifukwa chake n'chakuti galimoto zambiri za masiku ano zili ndi airbag yobisika m'mphepete mwa denga, kuseri kwa siling'i, ndipo ikhoza kuphulikira kumaso kwa munthu amene akugwiragwira mawaya magetsi asanathe. Kenako mumamasula zonse zogwira siling'i: zotchingira dzuwa, zogwirira, nyali ya m'kati, zokutira nsanamira. Siling'iyo ndi yofooka ngati katoni, ikapindika mzere wake suchoka, ndipo manja a girisi amasiyapo chizindikiro cha muyaya. Sambani kaye.

Mukatero mumazula mapaipi anayi aja pa thireyi, mumachotsa pulagi ya mota, n'kuyamba kumasula mabawuti. Apa m'pamene mwambi uja woti mutu umodzi susenza denga umakhala zenizeni, chifukwa chipangizochi n'cholemera ndiponso chotambalala, ndipo bawuti yomaliza ikamasuka chimagwera pamutu. Wina agwirize, wina amasule. Chatsopano chimakwera momwemo, mabawuti onse amayamba alowetsedwa ndi dzanja osamanga, chipangizo chikhale pakati, kenako n'kumamanga mopingasa, kona iyi kenako ya kutsidya.

Chotsala ndi kulinganiza galasi ndi denga, ntchito yofuna kudekha. Kutsogolo galasi lizikhala lofanana ndi denga kapena lotsikirako ngati milimita imodzi. Kumbuyo lofanana kapena lokwererako pang'ono chimodzimodzi. Mukalakwitsa n'kukweza kutsogolo, mudzamva mluzu kuyambira pa Chintheche mpaka kukwera mapiri a ku Mzuzu.

Ntchito yachiwiri: kudula denga lopanda bowo

Iyi ndiyo anafunsa mwini Sienta uja, ndipo ndi yosabwereka. Nyumba ya malata mukaiboola molakwika mumagula lata lina. Denga la galimoto ndi chitsulo chimodzi chowotchereredwa ku thupi lonse.

Lili ngati denga la nyumba: pali nsanamira, pali mitanda yachitsulo yopingasa kuseri kwa siling'i, ndiye pamwamba pake lata lopyapyala losakwana milimita imodzi. Galimoto ikagubuduzika, chimene chimaletsa denga kuphwanya anthu ndi nsanamira ndi mitanda imeneyi. Mmisiri wanzeru amatsitsa siling'i asanagule chilichonse, aone pamene mitanda yadutsa. Ngati bowo likufuna kudya mtanda, ndiye kuti mwasankha sunroof yaikulu kuposa galimoto yanu. Aonenso kupindika kwa denga. Felemu la sunroof lili ndi kupindika kwake, ndipo denga likakhala lokhota kwambiri kapena lokhala ndi mizere yotumphuka, monga zilili galimoto zambiri zamtundu wa kabasi, felemulo silikhala bwino ngakhale mumange chotani.

Zoika pambuyo zilipo za mitundu ingapo. Pali yongotukula kumbuyo ndi dzanja. Pali yamagetsi imene imatukuka n'kutsetserekera panja pamwamba pa denga. Pali ina imene imalowa m'kati, pakati pa denga ndi siling'i, ngati ya kufakitale. Yomalizayi ndiyo yokongola, koma imafuna thireyi, mapaipi anayi, siling'i yosokedwanso, ndipo imadya masentimita angapo a malo a mutu, moti munthu wamtali amayamba kuyendetsa chowerama. Mitundu iwiri yoyambayo imangopana lata pakati pa mafelemu awiri, ndipo yambiri mwa iyo ilibe mapaipi n'komwe. Imadalira labala yekha. M'dera la mvula ngati lino, tsiku limene labalayo adzatope ndi tsiku limene mudzayambe kuyenda ndi beseni.

Katunduyu sapezeka pa shelefu pa Chintheche, amachita kuitanitsa. Poitanitsa onetsetsani kuti mwabwera pepala lojambulira bowo, sikuluu zonse, labala, switchi ndi mawaya ake. Sunroof yozulidwa pa galimoto yangozi n'kufuna kuiika pa galimoto ya mtundu wina ndi chiyambi cha maliro, chifukwa inapangidwira denga lokhala ndi milomo yopindidwa kale kufakitale, zimene mmisiri wa nyundo sangazipange pansi pa mtengo.

Tsiku lodula lisankhidwe. Likhale la chilimwe, Ogasiti mpaka Okutobala, ntchito iyambe m'mawa, galimoto ili pansi pa shedi, ndipo pakhale jenereta pafupi. Magetsi akathima bowo lili theka, mitambo n'kuyamba kusonkhana cha ku nyanja, simudzaiwala. Denga limatsukidwa, mumapeza mzere wa pakati poyeza kuchokera mbali zonse ziwiri, mumamata pepala lojambulira, mumayezanso, kenako mumaitana munthu wina ayezenso. Kuzungulira mzere wodula mumamata tepi yochindikala kuti penti isakalike, ndipo m'kati mumayala nsalu yokuta mipando yonse.

Tsopano chida. Mmisiri aliyense m'misika yathu ali ndi girayinda, ndipo dzanja limathamangira komweko. Girayinda ndi mdani wa ntchitoyi. Imatenthetsa lata lopyapyala mpaka kulipinda, imawotcha penti m'mphepete, ndipo tizitsulo tamoto timene imamwaza timamatirira pa penti ndi pa magalasi, mvula yoyamba ikagwa galimoto yonse n'kutuluka timadontho ta dzimbiri. Chida choyenera ndi nibbler, kamakina kamene kamaluma chitsulo pang'onopang'ono ngati mbewa pa chinangwa, kapena sizasi ya malata yoyendera mpweya. Mumaboola kabowo koyambira ndi dirilo cham'kati mwa mzere, n'kuyamba kutsata mzerewo modekha, wina atagwiriza lata kunsi kuti lisagwe n'kung'amba kona yomaliza.

Mukachotsa lata, m'mphepete mumasalaza ndi fayilo, mumasesa tizitsulo tonse, n'kupaka penti yoteteza dzimbiri pa chitsulo chilichonse chimene chaonekera. Ili ndi gawo limene anthu ofulumira amalumpha, chifukwa felemu likakhala pamwamba palibe amaona. Dzimbiri limayambira pamenepo, kuseri, ndipo pakatha mvula ziwiri kapena zitatu penti imayamba kutupa kuzungulira felemu ngati matuza. Dikirani penti iume. Felemu lakunja limalowa kuchokera pamwamba pamodzi ndi labala kapena guluu amene wopanga walamula, lam'kati limalandira kunsi, sikuluu n'kumamangidwa pang'onopang'ono mozungulira, maulendo awiri kapena atatu. Mukamanga imodzi mpaka mapeto zinzake zili zomasuka, lata limapindika ndipo simungaliwongole.

Mawaya

Mota ya sunroof imayendera mavoti 12 ngati zonse za m'galimoto. Waya wake amatsika m'nsanamira yakutsogolo kupita ku bokosi la mafyuzi, ndipo adutse kuseri kwa airbag, osati kutsogolo kwake, kuti pa ngozi asaitchinge. Atengedwe pa malo amene amalandira magetsi kiyi akatembenuzidwa, kuti mwana wosewera m'galimoto yoima asathe kutsegula kapena kutseka, komanso batire lisathe usiku. Osaba magetsi pa nyali ya m'kati chifukwa ili pafupi; kawaya kake n'kowonda, mota ikakakamira kamatentha, ndipo kali pa siling'i imene siichedwa kuyaka. Fyuzi ikhale ya nambala imene yalembedwa pa pepala la wopanga. Chizolowezi chathu chija chomanga kawaya pa fyuzi yakupsa chawotchetsa galimoto zambiri, ndipo apa moto wake ungayambire pamwamba pa mutu. Waya wa efi amangidwe pa chitsulo chopalidwa bwino, ndipo polumikiza pasakhale popota ndi zala n'kukulunga pulasitiki ya shuga.

Batire likabwezeretsedwa, sunroof zambiri zimafuna kuphunzitsidwa poyambira ndi pothera, kawirikawiri pogwira batani osalisiya mpaka galasi litayenda ulendo wonse. Zikatero yesani chitetezo chake: ikani mpukutu wa nyuzipepala panjira ya galasi n'kulitseka. Likaugunda liyenera kuima kapena kubwerera. Yesani ndi nyuzipepala, osati ndi dzanja. Funsaninso pamene pali kabowo kozunguzira mota ndi Allen key, chifukwa tsiku lina idzakana kutseka muli pakati pa Dwangwa ndi Chintheche mvula ikubwera, ndipo kakiyi kameneko kadzakhala ka mtengo wapatali kuposa wailesi.

Siling'i isabwerere musanayese ndi madzi. Wina akhale m'kati ndi tochi, wina athire ndowa pamwamba, galimoto itayang'ana kumtunda, kenako kunsi. Ngati ili ya mapaipi, thirani kapu pa kona iliyonse ndipo muone madzi akutuluka pansi malo anayi.

Kukhala nayo

Podutsa m'minda ya labala ya Vizara popita ku Nkhata Bay, pamene anyamata amagulitsa mipira yodunda m'mbali mwa msewu, munthu angaganize kuti labala kuno ndiye kwawo, sangasowe. Koma wa pa sunroof si wa mitengo imeneyo. Ndi wopangidwa m'fakitale, mtundu wotchedwa EPDM, umene umapirira dzuwa koma umadana ndi mafuta ochokera ku petulo. Oyilo wa injini, dizilo kapena mafuta odzola amamufufumitsa n'kumufewetsa. Amafuna nsalu yonyowa ndi girisi wa silikoni. Mphira za machubu zimamanga katundu pa njinga, sizilowa m'malo mwake.

Mapaipi ayeretsedwe mvula isanayambe, komanso nthawi iliyonse nkhungu zikadutsa. Chingwe cha pulasitiki chokhuthala, chonga chowedzera nsomba zazikulu, chimalowa bwino osaboola. Waya wa sipoko amang'amba paipi, ndipo mpweya wamphamvu wa kompuresa umaizula pa thireyi kuseri kwa siling'i kumene simukuona. M'njanji muzichotsa mchenga musanapake girisi watsopano, apo ayi mukupanga msasa wopalira njanji zanu zomwe.

Pali zina zimene sunroof imakulandani zimene wogulitsa sanena. Kuno denga la galimoto ndi malo a katundu: matumba a chinangwa, usipa wouma, matiresi a mwana wopita ku sukulu yogonera. Galasi lake ndi lija limati likasweka limayoyoka tizidutswa ngati mchere wa miyala, ndipo thumba limodzi logwetsedwa mwamphamvu, ngakhale bango lalikulu lakupsa lochokera pamwamba pa mtengo, likhoza kulimaliza. Za kuimirira pa bowolo pa ukwati kapena pa msonkhano wa chipani, aliyense anaonapo, ndipo zimakongola pa chithunzi. Koma msewu uno uli ndi mbuzi, njinga ndi maenje, ndipo dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi, nthiti za woimirirayo ndi zimene zimakumana ndi felemu.

Musanadule, kafunseni ku ofesi ya Road Traffic ku Mzuzu ndiponso kwa a inshuwalansi yanu ngati kusintha thupi la galimoto motere kukukhudza mapepala anu. Kufunsa n'kotchipa kuposa kudzamva pa tsiku la ngozi.

Ngati mtima wanu uli pa denga lotseguka, sungani ndalamazo mudzaitanitse galimoto imene inabadwa nalo, ndipo muzisamala mapaipi ake. Ngati muli nayo kale yowonongeka, ikonzeni, musaimate ndi silikoni. Koma Sienta yonyamula anthu ndi katundu pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay, ada, isiyeni ndi denga lake.